Chisimbi, Ndalama ya Pulasitiki ndi Mkono wa Amake Misozi

Ana anga, Yankho ndi Limbani, mutu uno ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti muuwerenga pang'onopang'ono, mwinanso muzifunsa bambo anu tanthauzo la mawu ena, koma m'Chingerezi ndikanabisala mosavuta. Ndi mutu wa zaka zimene ndinkachapa nsalu za m'zipatala kuno ku Perth, ndipo muli nkhani imene simunaimvepo kwa ine.

Zaka zisanu ndi ziwiri za ku Dedza

Ntchito yanga yoyamba inali ya unamwino wothandizira pachipatala chaching'ono cha mishoni m'boma la Dedza. Anandiika kuwodi ya anthu opsa ndi moto, kumene anzanga ambiri ankakana chifukwa cha fungo. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye mabedi ankadzaza ndi ana ogwera pamoto ndi akhunyu amene matenda awo anawagwira akuwotha. Mankhwala ankatha mwezi usanafike pakati. Mabandeji tinkachapa, kuwiritsa, kuyanika, n'kumanganso pa munthu wina. Wodwala akapsa malo aakulu tinkadziwa tonse kuti chimene chatsala n'kumutsuka mabala ndi kumuyankhula bwino, chifukwa khungu loti tim'patse tinalibe. Namwino wamkulu, mayi Kalonga, anali munthu wosaseka, koma manja awo anali opepuka kuposa a wina aliyense amene ndinagwira naye ntchito. Ndi iwo anandiphunzitsa kuchotsa bandeji yomatirira popanda kum'liza mwana kawiri. Ndinkaganiza kuti ndidzakalambira pantchito imeneyo.

Chaka choyamba ku Perth

Bambo anu atapeza malo a maphunziro kuyunivesite ya Murdoch tinabwera tonse, iwe Yankho uli ndi zaka zinayi, Limbani ali kumsana. Mapepala anga a unamwino anawayang'ana mwaulemu n'kundiuza kuti kuno sagwira ntchito pokhapokha nditaphunziranso, ndipo m'nyumba imodzi ophunzira awiri sakanatheka. Amene anandipezera ntchito anali amake Misozi, mayi wa ku Katete ku Zambia, amene tinakumana kutchalitchi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu, wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo ankalera yekha ana awiri. Ankagwira ntchito pakampani ina yochapa nsalu za m'zipatala, kufupi ndi Fremantle. Dzina la kampaniyo sindilemba. Anandilemba ngati waganyu: woyang'anira akakuimbira foni upita, akapanda kuimba ukhala kunyumba.

Sabata yoyamba ndinapeza ndalama m'thumba la malaya a wodwala. Malayawo anali atatuluka kumene m'makina, atachapidwa ndi madzi otentha ndi sopo wamphamvu, koma ndalamayo inali yoyera, yosang'ambika, ndi kazenera kake koonekera mbali ina. Ndinakumbuka tsiku limene ndinachapa buluku la bambo anu ku Dedza muli ndalama yapepala, n'kupezamo phala lokhalokha. Amake Misozi anandiseka. Anati ndalama za pulasitiki zinayambira m'dziko lomwe lino, ndipo eni ake amanyadira nazo ngati mwana woyamba kubadwa. Anandionetsa bokosi lachitsulo la pakhoma limene tinkaponyamo chilichonse chotoledwa: mano oikirira, mphete, magalasi, ndalama. Odwala kuno amabisa ndalama m'nsalu ya pilo, chimodzimodzi agogo a kwathu, ndipo akawasamutsa bedi mwadzidzidzi zonse zimabwera kwa ife.

Madzi ndalama imeneyi siiwaopa, koma moto imauopa. Kumapeto kwa holo kunali makina ositira mashiti, aatali ngati basi, okhala ndi zitsulo zozungulira zotentha. Ife awiri tinkangowatchula kuti chisimbi. Anthu awiri ankaima kutsogolo, wina kumanja wina kumanzere, kuwongola shiti lonyowa n'kuliika pakamwa pa makinawo, ndipo linkatulukira kuseri louma, losalala. Ndalama ikalowa limodzi ndi nsalu inkakwinyika n'kumatirira pachitsulo, ndipo nsalu zonse zobwera pambuyo zinkatuluka ndi mabanga. Pamenepo pankafunika kuzimitsa makina, kudikira kuti azizire, ndi kupala. Woyang'anira wathu anali a Darren, bambo wamtali wofiira nkhope. Kuno bwana amaitanidwa ndi dzina lake, ndipo zinanditengera miyezi kuti ndizolowere. Makina akaima chifukwa cha ndalama, a Darren ankabwera akukalipa n'kufunsa kuti maso athu anali kuti. Choncho panali lamulo limene silinalembedwe paliponse koma aliyense wa pachisimbi ankalidziwa: ukaona ndalama pansalu, tsomphola isanalowe.

Chaka chachinayi, nyengo yotentha

Chaka chimenecho kampani inalandira nsalu za chipatala china chachikulu koma anthu sanawonjezere. Ena anasiya n'kupita kumigodi kumpoto, kumene malipiro anali abwino. Matumba a nsalu zakuda ankafika kudenga. Mu Januwale kunja kumatentha ngati ku Nsanje, ndipo m'holomo munkaposa pamenepo. Tinkamanga matawulo onyowa m'khosi.

Pakamwa pa chisimbi panali chitsulo chopingasa chotetezera manja. Dzanja likachikhudza, makina ankaima nthawi yomweyo. Koma chinali chitakalamba, moti ngakhale mpendero wokhuthala wa nsalu unkachigwedeza, makina n'kuima popanda chifukwa. Wokonza anaitanidwa koma sanabwere. M'mawa wina ndinafika msanga n'kupeza a Darren atagwada, akumanga chitsulocho ndi waya kuti chisamagwedezeke. Anandiyang'ana, naseka pang'ono, nati ndi za masiku awiri okha. Ndinawauza amake Misozi, ndipo anangoti tisamale manja. Wayayo anakhalapo masabata atatu.

Linali Lachiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ine ndinali kumanzere, amake Misozi kumanja. Tinali kuika nsalu za mapilo, ndipo pa imodzi panatsetsereka ndalama yachikasu n'kugona pansalupo ikupita kukamwa kwa makina. Tonse tinaiona. Inali mbali yawo. Anatambasula dzanja monga tinkachitira masiku onse, ndipo nsaluyo inakulunga zala zawo n'kuzikoka. Chitsulo chopingasa anachigunda ndi chigongono, ine ndikuona, koma sichinagwedezeke. Pamene ndinkafika pabatani lofiira la pakhoma lozimitsira makina, mkono unali utalowa kupitirira pamfundo ya dzanja. Sanakuwe nthawi yomweyo. Ananditchula dzina langa lenileni, limene sankalitchula n'komwe, kenako ndi pamene anakuwa. Amuna awiri anamasula zitsulo. Ndinawagoneka pansi n'kuthira madzi ozizira pamkonopo osalekeza mpaka ambulansi inafika. Zaka zisanu ndi ziwiri za ku Dedza zinandiuza msanga chimene ndinkaona: khungu linali loyera ngati kandulo, ndipo malo ena sankamvanso kuwawa. Ambulansi itatuluka pageti ndinabwerera kukatenga chikwama chawo, ndipo ndinapeza a Darren ali pachisimbi okha, akupinda waya uja n'kumuika m'thumba la buluku.

Patapita masiku awiri anandiitanira kuofesi. Munali a Darren ndi mayi wina wochokera kulikulu la kampani. Pepala linali litalembedwa kale, lili ndi dzina langa pansi. Linkanena kuti ndinali kumanzere kwa makina, kuti ndinaona mnzanga akutambasula dzanja kuti atenge ndalama, ndi kuti ndinazimitsa makina ndi batani. Munalibe bodza ngakhale limodzi. Za waya munalibe. Mayiyo anandiyamikira kuti ndinachita zinthu mwachangu, kenako ananena, ngati nkhani ina yapadera, kuti kampani ikufuna kulemba anthu atatu ntchito yokhazikika ndipo dzina langa lili pamwamba. Ndinapempha kuti ndikaliwerenge kunyumba.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili kwathu. Bambo anu anali atamaliza maphunziro, ntchito asanapeze, ndipo mapepala athu opempha kukhala m'dziko lino anali m'manja mwa boma. Tinkadya za m'manja mwanga. Pakati pathu Amalawi ndi Azambia pankamveka kuti munthu amene mapepala ake ali m'njira asayerekeze kupezeka m'milandu, ngakhale ngati mboni. Palibe ankadziwa kumene mawuwo anachokera, koma tonse tinkawakhulupirira. Ndinawaonetsa bambo anu pepalalo n'kuwauza za waya. Analiwerenga kawiri. Sanandiuze kuti ndisaine, sanandiuzenso kuti ndisasaine. Anangofunsa ngati muli mawu abodza, ndipo ndinati mulibe. Andilola kuti ndilembe zimenezi. Koma cholembera chinali m'dzanja langa. M'mawa mwake ndinasaina, ndipo munthu wa boma woona za chitetezo pantchito atabwera kudzafunsa ngati makina anali bwinobwino, ndinayankha kuti ine za makina sindizidziwa.

Amake Misozi anakhala m'chipatala milungu yambiri. Ndinapitako kamodzi. Namwino wina atamva kuti ndinagwirapo ntchito kuwodi ya opsa, anandifotokozera mokondwa zimene anachita. Malo akuya anasokapo khungu lochokera pantchafu. Malo ena anatenga kachidutswa kakang'ono ka khungu lawo lomwe, n'kukasungunula m'madzi a mankhwala, n'kupopera pabala monga timapopera mbewu, ndipo khungu latsopano linkamera kuchokera pamenepo. Anati njira imeneyi anaitulukira madokotala a mumzinda womwe uno. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za ana a ku Dedza amene tinkawatsuka mpaka kumwalira. Zala ziwiri zinali zitadulidwa, koma mkono unapulumuka.

Namwino atatuluka, amake Misozi anandifunsa za kuntchito, za ana, za amene akuima kumanja m'malo mwawo. Kenako anati, "Amake Yankho, za waya uja munawauza?"

"Ndinayankha zimene anandifunsa," ndinatero.

"Manje ndamva," anatero, n'kutembenukira kukhoma. Ndinasiya zipatso patebulo n'kutuluka.

Mwezi womwewo iwe Yankho unapatsidwa ntchito kusukulu yoti ukalankhule za zinthu zimene anthu a dziko lino anatulukira. Unaima pabalaza ndi chipepala chachikulu, n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndimvetsere. Unatchula kabokosi kosunga mawu m'ndege, kachipangizo kothandiza osamva, kenako ndalama ya pulasitiki ndi khungu lopopera, chimodzi pambuyo pa chinzake, m'Chingerezi chako cha kuno. Unandipempha ndalama kuti ukaimize m'kapu ya madzi pamaso pa anzako. Ndinakupatsa, ndinakuombera m'manja, kenako ndinapita kubafa n'kusanza. Unaganiza kuti ndadya chinachake choipa.

Chaka chachisanu mpaka chachisanu ndi chiwiri

Za kuchipatala zinalipiridwa, chifukwa malamulo a kuno amatero. Koma kampani inalemba kuti ngoziyo inachitika chifukwa wantchito anaphwanya malamulo pofuna kutenga ndalama ya wodwala, ndipo ntchito ya amake Misozi inathera pomwepo. Atayesa kudandaula kuti makina anali omangidwa, anauzidwa kuti mboni imene inali pafupi sinaone zimenezo. Mawu akuti "kutenga ndalama" anatuluka m'kalatayo n'kuyamba kuyenda okha. Pofika kutchalitchi anali atasanduka "kuba". Ndinkamva amayi akunong'onezana kuti dzanja lakuba Mulungu amalidziwa, ndipo ndinkakhala chete, kapena kunena kuti tisaweruze. Amake Misozi sananditchule kwa munthu aliyense. Ankabwerabe Lamlungu lililonse, mkono uli m'chovala chothina cha mtundu wa khungu la azungu, n'kukhala kumbuyo. Tikakumana pakhomo ankayankha moni wanga bwinobwino, basi.

Ine ndinalembedwa ntchito yokhazikika. Chitsulo chopingasa chinakonzedwa sabata yomweyo ya ngozi. Mapepala athu anatuluka patapita chaka ndi miyezi iwiri, ndipo tinaphika mpunga ndi nkhuku n'kuitana anthu. Pambuyo pake loya wina anabwera kudzalankhula kutchalitchi za malamulo a alendo, ndipo wina atafunsa, anayankha kuti kuchitira umboni pangozi ya kuntchito sikukhudza mapepala a munthu ngakhale pang'ono. Chimene ndinkaopa kunalibe. Ndikanakonda kulemba kuti tsiku lomwelo ndinanyamuka kukakonza zinthu, koma ndinakhalanso chete chaka china chathunthu. Tsopano sindinkaopa boma. Ndinkaopa kuti anthu adziwa kuti ndine munthu wotani.

Chimene chinandidzutsa chinali chaching'ono. Tinali pamwambo wolangiza mtsikana wina amene ankakwatiwa, m'holo ina ku Nedlands. Amake Misozi anafika mochedwa n'kukhala pampando wokhawo umene unatsala. Mayi amene anali pambali pawo anawamwetulira, kenako anatenga chikwama chake chimene chinali pansi pakati pawo, n'kuchiika mbali inayo. Amake Misozi anaona. Anayang'ana kutsogolo ngati sanaone, koma dzanja lawo labwino linaphimba linzake lija. Zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi ndinkawaona amake Misozi akuponya m'bokosi la zotoledwa ngakhale kandalama kachitsulo.

Lolemba ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kupita kuofesi ya boma yoona za chitetezo pantchito. Ndinanena zonse: za waya, za lamulo lotsomphola ndalama, za pepala limene ndinasaina, ndi za yankho limene ndinapereka kwa munthu wawo. Mayi amene ankalemba sanandikalipire. Anangondifunsa chifukwa chimene ndabwerera tsopano. Nthawi imeneyo kampani inali itagulidwa ndi anthu ena, a Darren atapita kumpoto. Mwamwayi mayi wina wa ku Philippines amene tinkagwira naye ntchito anavomera kuti nayenso anamuona wayayo. Nkhaniyo inayenda zaka ziwiri. Pamapeto pake amake Misozi analandira chipukutamisozi ndi kalata yochotsa mawu aja. Koma Misozi anali atasiya kale sukulu kuti azigwira ntchito m'sitolo, ndipo sanabwererenso.

Lamlungu lotsatira nditapita kuboma, ndinapempha kulankhula pamsonkhano wa amayi. Ndinaimirira n'kunena kuti amake Misozi sanabe, kuti ankachita zimene tonse tinauzidwa kuchita, ndi kuti ine ndinkadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Wina anayambitsa nyimbo kuti atiphimbe tonse. Amake Misozi tsiku limenelo kunalibe.

Chaka chachisanu ndi chitatu ndi zotsatira zake

Ndinatenga masabata awiri kuti ndilimbe mtima wopita kwawo. Ankakhala m'kanyumba ka pamwamba pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Fremantle. Ananditsegulira, anandipatsa mpando, anandifulira tiyi ndi dzanja limodzi, ndipo anakana kuti ndiwathandize. Ndinagwada pansi n'kunena zimene ndinabwerera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati zonse anazimva kale kwa anthu, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri sichinali chisimbi, kapena kalata ya kampani, koma masiku onse a Lamlungu amene ndinkawapatsa moni n'kupitirira.

Patebulo panali botolo la mafuta. Khungu lomera pabala silituluka thukuta, limauma n'kuthina, ndipo limafuna kudzozedwa ndi kutikitidwa tsiku ndi tsiku. Ndinaona kuti kuseri kwa mkono, kumene dzanja lawo linalo silinkafika bwino, kunali kong'aluka. Ndinapempha kuti ndiwadzoze. Anavula chovala chothina chija n'kuika mkono pamwendo panga. Aka kanali koyamba kuuona wonse. Ndinautikita mmene mayi Kalonga anandiphunzitsira.

Nditamaliza anati, "Kukhululuka sindinafikeko, amake Yankho. Musaganize kuti mwachoka nako lero."

Ndinati ndamva.

"Koma Misozi amagwira ntchito Lachinayi mpaka madzulo. Mukabwera Lachinayi, kuseri kuno kudzozedwa."

Pakampaniyo ndinagwira ntchito zaka zina khumi ndi chimodzi pansi pa eni atsopano, mpaka mawondo anakana, ndipo ananditsanzika ndi keke ndi maluwa. Inu munakula mukudziwa kuti Lachinayi mayi anu amachedwa chifukwa amapita kukaona mnzawo wodwala mkono. Tsopano mwadziwa chifukwa chake. Ndikupitabe. Timacheza za ana, za mitengo ya zinthu, za maliro a kwathu, nthawi zina mpaka timaseka. Za kukhululuka sanazitchulenso, ndipo ine sindinafunse.